Kutumiza ana ku mpikisano wa chess yachangu kunja kwa dziko: momwe ntchito yayendera pa kalabu yathu

Zolemba izi ndi za kalabu ya chess ya ana yomwe imakumana Loweruka lililonse m'kalasi ya sukulu ina ya pulayimale mumzinda wa Lilongwe. Ndinkazilemba pamene ntchito inkayenda, ndi cholinga choti aphunzitsi ndi makolo amene akufuna kutumiza ana ku mipikisano ya rapid ndi blitz (mitundu iwiri ya chess yachangu) kunja kwa dziko aone kumene kumapita ndalama, kumene kumathera nthawi, ndiponso zimene zimagwetsa ana athu akakhala pa bolodi moyang'anizana ndi anzawo a m'mayiko ena. Mayina a ana ndi a makolo sindinawalembe.

11 Januwale 2025: Cholinga choyamba ndi mtengo wake

Komiti ya makolo yagwirizana kuti chaka chino ana anayi, atsikana awiri ndi anyamata awiri, akasewere kunja. Maso a aliyense anali pa mpikisano wa dziko lonse wa ana wa rapid ndi blitz umene bungwe la FIDE, loyendetsa chess padziko lonse, lakonza kuti uchitike mu Epulo pa chilumba cha Rhodes ku Greece, ndipo ine ndinapatsidwa ntchito yofufuza mitengo ya anthu asanu ndi mmodzi: ana anayiwo, mphunzitsi, ndi mayi mmodzi woyang'anira atsikana.

Wogulitsa matikiti a ndege anatiuza kuti ulendo wodzera ku Addis Ababa ndi Athens udzadya madola opitirira 1,200 pa munthu aliyense. Pamipikisano yotere nthawi zambiri osewera amakakamizidwa kugona m'mahotela amene okonza mpikisano asankha, choncho palibe mwayi wofuna malo otchipa. Greece ili m'gulu la mayiko a Schengen, kutanthauza kuti aliyense afunika visa, yomwe mtengo wake ndi mayuro 90 kwa wamkulu ndi mayuro 45 kwa mwana wa zaka 6 mpaka 11, komanso inshuwalansi ya zaumoyo yofika mayuro 30,000. Titaphatikiza zonse ndi ndalama zolembetsera, tinapeza madola pafupifupi 12,000, omwe pa mtengo wa kubanki wa K1,751 pa dola ndi ndalama zoposa K21 miliyoni. M'thumba la kalabu munalibe ngakhale gawo limodzi mwa magawo makumi awiri a ndalamazo.

1 Febuluwale 2025: Tasankha Lusaka

Zokambirana zinali zotentha, chifukwa makolo ena ankaona ngati kusiya Greece ndi kufooketsa ana. Amene anathetsa nkhani ndi agogo a mmodzi wa atsikana, amene anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo. Tagwirizana kuti tilunjike ku mpikisano wa masiku awiri wa rapid ndi blitz womwe ukukonzedwa ku Lusaka patchuthi cha mu Ogasiti, umene zotsatira zake zimatumizidwa ku FIDE.

Maganizo anga ndi oti chisankhochi n'choyenera ngakhale ndalama zikanakhalapo. Zambia ndi dziko la osewera amphamvu, ndiko kwawo kwa Amon Simutowe, grandmaster woyamba wa ku Africa ya kumwera kwa chipululu cha Sahara, ndipo ana a kumeneko ndi okwanira kuonetsa ana athu pamene afika. Mmalawi safuna visa kuti alowe mu Zambia, ulendo wake ndi wa pamsewu, ndipo ku Chipata ndi ku Lusaka mwana atasochera akhoza kufunsa njira m'chilankhulo chake. Kunyamula mwana amene sanasewerepo ndi wotchi ya mpikisano n'kupita naye ku Ulaya ndi kumulipirira mamiliyoni kuti akaphunzire zimene akanaphunzira pafupi.

Pa nkhani ya magulu a zaka, makolo adziwe kuti FIDE imayang'ana chaka chobadwa, osati tsiku la mpikisano. Mu 2025, gulu la ochepera zaka 12 ndi la ana obadwa mu 2013 kapena pambuyo pake. Mnyamata wathu wobadwa mu Disembala 2012 ankayembekeza kusewera ndi ang'onoang'ono, koma ali m'gulu la ochepera zaka 14, ndipo tayamba kumuphatikiza ndi akuluakulu pokonzekera.

22 Febuluwale 2025: Mawotchi ndi zoseweretsa

Kalabu inali ndi wotchi imodzi yokha ya mivi, yomwe singathe kuwonjezera masekondi. Izi sizingathandize, chifukwa rapid ya masiku ano imaseweredwa kwambiri pa mphindi 15 ndi masekondi 10 owonjezera pa kusuntha kulikonse, ndipo blitz pa mphindi 3 ndi masekondi 2. Malamulo a FIDE amati mutenge mphindi zoyambira ndi kuphatikizapo masekondi owonjezera kuchulukitsa ka 60: zikakwana mphindi 10 kapena kucheperapo ndi blitz, zikaposa 10 koma osafika 60 ndi rapid. Motero masewera a mphindi 10 opanda zowonjezera, amene makalabu ambiri kuno amawatcha rapid, kwenikweni ndi blitz.

Tagula mawotchi atatu a manambala kudzera mwa kholo lina lomwe limakatenga katundu ku Johannesburg, pa mtengo wa K95,000 iliyonse. Mabatire oyamba amene tinagula pamsika anatha pa Loweruka limodzi, ndipo wotchi inazima pakati pa masewera. Tsopano timagula a alkaline m'sitolo ndipo timawachotsa tikamaliza.

Vuto limene sitinaliyembekeze ndi la zoseweretsa zathu zapulasitiki, zomwe ndi zopepuka komanso zamphako. Mwana akamathamangitsana ndi nthawi, mkono wa juzi umangokhudza pang'ono ndipo mfumu, bishop ndi ma pawn awiri zimagwa. Lamulo limati amene wagwetsa adzutse yekha pa nthawi yake, choncho masekondi amathera pa kutolera. Kugula zoseweretsa zolemera kunali kodula, ndiye tinagula mawasha ndi manati ku sitolo ya zipangizo zomangira, tinawalowetsa m'mphako za zoseweretsazo ndi guluu wosakaniza wa epoxy, kenaka tinamata kansalu kokhuthala kunsi. Guluu wamba wa nsapato tinamuyesa poyamba koma manati ankagwedera mkati patangopita sabata. Zonsezi pamodzi ndi mabatire zadya K38,000, ndipo maseti atatu tsopano akuima bwino.

15 Malichi 2025: Zizolowezi za pafoni

Ili ndilo gawo limene ndikufuna aphunzitsi anzanga aliwerenge mofatsa. Ana athu anayi onse amasewera blitz pa Lichess, tsamba la pa intaneti losewerera chess, pogwiritsa ntchito mafoni a makolo awo, ndipo kumeneko amapambana kwambiri, moti makolo ankakhulupirira kuti chess yachangu ndiyo mbali yawo yamphamvu. Titawaika pa bolodi lenileni ndi wotchi yeniyeni, zinaoneka kuti foni yakhala ikuwagwirira ntchito zambiri zimene pa mpikisano ayenera kuchita ndi manja awo ndi maso awo.

Foni silola kusuntha kosaloledwa, choncho mwana sanaphunzire kuona yekha kuti mfumu yake ili pa check (ikuopsezedwa) kapena kuti hatchi imene akufuna kusuntha ikutchinga mfumu. Foni imasintha yokha pawn kukhala mfumukazi ikafika kumapeto, imasuntha yokha rook pochita castling (kusuntha mfumu ndi rook nthawi imodzi), ndipo imaimitsa yokha nthawi. Pa Loweruka loyamba, m'masewera 12 a blitz amene ndinaonerera, ndinalemba kusuntha kosaloledwa ka 9, ndipo mtsikana wamng'ono anaiwala kudina wotchi kangapo mpaka nthawi yake inatha ali ndi mfumukazi yoposa mnzake.

Malamulo amene tawalemba pa pepala lalikulu ndi kuwamata pakhoma ndi awa, monga alili m'malamulo a FIDE amene anayamba kugwira ntchito mu 2023. Dzanja limene wasunthira ndilo lidine wotchi. Kugwiritsa ntchito manja awiri pa kusuntha kumodzi, kaya podya kaya pochita castling, kumawerengedwa ngati kusuntha kosaloledwa. Pochita castling uyambe kugwira mfumu, chifukwa ukayamba ndi rook uyenera kusuntha rook yokhayo. Pawn ikafika kumapeto uikepo choseweretsa chatsopano usanadine wotchi. Rook yozondotsa imawerengedwa kuti ndi rook basi, ndipo ngati mfumukazi palibe pafupi, uimitse wotchi ndi kuitana woweruza. Kudya mfumu ya mnzako sikuloledwa, ngakhale kuti m'masewera a pamsika anthu amatero. Pa rapid ndi blitz, kulakwa koyamba kumapatsa mnzako mphindi imodzi yowonjezera, ndipo kulakwa kwachiwiri m'masewera omwewo ndi kugonja.

Kuwerenga malamulo sikunasinthe kanthu mpaka pamene tinayamba kuwasandutsa zochita za thupi. Mwana aliyense tsopano amasewera dzanja limodzi ataliika pansi pa ntchafu. Timayamba tsiku ndi mphindi khumi za kusuntha ndi kudina kokha, popanda kuganiza za njira zopambanira. Kenaka timaika malo osavuta, monga mfumu ndi rook kulimbana ndi mfumu yokha, kapena mfumu ndi mfumukazi kulimbana ndi mfumu, ndipo mwana amapatsidwa masekondi 20 ndi masekondi 2 owonjezera kuti amalize. Poyamba palibe amene ankakwanitsa za rook. Pano atatu akukwanitsa pafupifupi nthawi zonse.

Chovuta kwambiri chinali kuwaphunzitsa kudandaula. Ana athu analeredwa kuti asamatsutse wamkulu, ndipo mnzawo wamkulu akasuntha mosaloledwa amangoyang'ana pansi n'kupitiriza. Koma pamene woweruza sanaone, mwayi wodandaula umatha ukangosuntha iwe. Ndinakhala pa bolodi ndi mtsikana wa zaka 11, ndinasiya dala mfumu yanga pa check ndi kudina wotchi. Anaona, anandiyang'ana, dzanja lake linafika pafupi ndi batani loimitsira koma linabwerera. Ndinamufunsa chifukwa chake, ndipo anayankha motsitsa mawu kuti, "Ndimaopa kuti mwina ndi ineyo amene sindikuona bwino, aphunzitsi." Kuyambira tsiku limenelo timaitana makolo awiri odziwa chess kuti azisewera ndi ana ndi kulakwitsa dala, ndipo mwana amene waimitsa wotchi ndi kukweza dzanja amayamikiridwa pamaso pa onse, ngakhale atapezeka kuti sanaone bwino.

26 Epulo 2025: Zikalata

Mwana aliyense wosewera mpikisano wowerengedwa ndi FIDE amafunika nambala yake ya FIDE, ndipo nambalayi imaperekedwa kudzera ku bungwe la chess la dziko lake, lomwe kuno ndi Chess Association of Malawi. Ana awiri anali nazo kale kuchokera ku mipikisano ya m'dziko muno, ndipo awiri enawo tawalembetsa potumiza dzina, tsiku lobadwa ndi chithunzi. Izi zichitike msanga, chifukwa okonza mpikisano wakunja salemba mwana wopanda nambala.

Chimene chatichedwetsa ndi kusiyana kwa mayina. Mnyamata wamkulu amadziwika kusukulu ndi dzina la bambo ake omupeza, pomwe pa chiphaso chake cha kubadwa pali dzina la kwa mayi ake, ndipo nambala yake ya FIDE inalembedwa ndi dzina la kusukulu. Mtsikana wina dzina lake linalembedwa ndi L pa chikalata china ndi R pa chinzake. Tatsatira mfundo imodzi: dzina la pa chiphaso cha kubadwa ndilo lipite pa pasipoti, ndipo zina zonse, kuphatikizapo za ku FIDE ndi kalata yoitanira ku mpikisano, zikonzedwe kuti zifanane nalo chilembo ndi chilembo.

Popeza ana atatu akuyenda popanda makolo awo, kholo lililonse lalemba kalata yovomereza ndi kulumbira pamaso pa loya, yotchula dzina la woyenda ndi mwanayo, kumene akupita ndi masiku ake. Bambo a mwana mmodzi amagwira ntchito ku South Africa, ndipo kalata yawo inatenga nthawi yaitali kuti ifike. Amene ali ndi kholo lokhala kunja ayambire pamenepo. Mapasipoti, zithunzi, malumbiro ndi maulendo opita kumaofesi zadya K310,000.

7 Juni 2025: Kusonkhanitsa ndalama

Makalata opempha thandizo amene tinatumiza ku makampani sanabweretse kanthu. Ena anayankha kuti ndondomeko ya chuma ya chaka chino inatsekedwa kale, kutanthauza kuti kalata yotere imayenera kufika chaka chisanayambe. Zimene zagwira ntchito ndi zapafupi. Banja lililonse la ana anayiwo lasonkha K150,000 pang'onopang'ono kudzera pa Airtel Money ndi Mpamba, ndipo msungichuma amatumiza chithunzi cha kaundula ku gulu la makolo la pa WhatsApp Lamlungu lililonse, zomwe zathetsa manong'onong'o asanayambe. Big walk ya ana onse a kalabu yabweretsa K640,000, kutsuka magalimoto ndi kugulitsa mandasi K210,000, ndipo mwini golosale ina ya m'dera lathu wapereka K300,000. Zonse pamodzi ndi K1,750,000.

Mwezi wa Meyi sitinakonzekere mokwanira chifukwa mtsikana wamkulu ankalemba mayeso a Sitandade 8, ndipo makolo ake anapempha kuti apume kaye ku chess. Pempholo linali loyenera ndipo tinalilemekeza.

19 Julayi 2025: Ndalama zakunja ndi tsiku loyeserera

Makwacha tili nawo, koma ndalama zakunja n'zosowa m'dziko muno, ndipo pamsika wamseri dola ikugulitsidwa pa mtengo woposa kawiri wa kubanki. Komiti yakana njira imeneyo, chifukwa ndi yosaloledwa komanso ndalama za anthu sizingalembedwe m'kaundula popanda risiti. Tinapita kubanki ndi mapasipoti, kalata yoitanira ndi kalata ya kalabu, ndipo titadikira kwa nthawi tapatsidwa madola 300 okha, omwe atidyera pafupifupi K540,000 pamodzi ndi zolipira za kubanki.

Madola amenewo sangakwanire malo ogona, choncho tinasintha dongosolo lonse kuti zofunika kulipira ku Zambia zichepe. Mayi woyang'anira atsikana ali ndi achemwali awo okwatiwa ku Chipata, ndipo avomera kutisunga usiku umodzi. Mmalawi wina wokhala ku Lusaka, amene anaphunzira chess pa sukulu yomweyi ali mwana, wadzipereka kulipira yekha kumeneko zipinda zitatu kwa masiku atatu, pa makwacha a ku Zambia 450 chipinda chilichonse pa usiku, komanso ndalama zolembetsera za makwacha a ku Zambia 150 pa mwana pa gawo lililonse. Popanda anthu awiriwa ulendowu ukanathera pano.

Lero tachitanso tsiku loyeserera lathunthu, masewera asanu ndi awiri a 15+10 (mphindi 15 ndi masekondi 10 owonjezera) kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndi osewera akuluakulu amene tinawaitana. Zaoneka kuti ana amasewera bwino masewera anayi oyamba, kenaka amagwa. Chifukwa china ndi chakudya: atadya nsima yambiri masana, awiri ankasinza pa bolodi. Tagwirizana kuti pa mpikisano adzadya pang'ono pafupipafupi, nthochi, mtedza, buledi ndi madzi, ndipo nsima idzakhala ya madzulo. Chifukwa chachiwiri ndi chakuti mwana akagonja amanyamula chisonicho kupita nacho ku masewera otsatira, omwe amayamba pakangopita mphindi zochepa. Taika lamulo loti pakati pa masewera sitikambirana zimene zalakwika. Mwana amanena zotsatira, amamwa madzi, amayenda panja, ndipo zokambirana zimadikira usiku.

14 ndi 15 Ogasiti 2025: Ulendo

Tinanyamuka ku Lilongwe pa minibasi Lachinayi m'mawa kupita ku Mchinji, mtunda wa makilomita opitirira 100, kenaka pa takisi mpaka pachipata cha Mwami. Kuyambira mu Disembala 2022 pachipatachi maofesi a mayiko onse awiri amagwirira ntchito malo amodzi, ndipo izi zimafupikitsa nthawi. Anatifunsa makalata ovomereza a makolo ndi ziphaso za kubadwa, ndipo popeza mwana aliyense anali ndi envelopu yake yokhala ndi zikalata zenizeni ndi mafotokope, sitinachedwe. Madola 300 tinawasintha ku Chipata ndipo anatipatsa makwacha a ku Zambia pafupifupi 6,900.

Basi ya ku Lusaka imanyamuka mbandakucha ndipo imayenda makilomita pafupifupi 570 mumsewu wa Great East, kudutsa Katete, Petauke, Nyimba ndi mlatho wa Luangwa. Tikiti inali makwacha a ku Zambia 400 pa munthu. M'mapiri a pafupi ndi Luangwa msewu ndi wokhotakhota, ndipo mnyamata wamng'ono anasanza kawiri ndi kufika ku Lusaka ali wofooka. Dongosolo lofika ku Lusaka tsiku limodzi mpikisano usanayambe, ngakhale makolo ena ankaliona ngati kuwononga ndalama, ndilo linamupatsa mpata wogona ndi kuchira. Madzulo tinapita kukaona holo, ana anagwira mawotchi a kumeneko omwe batani lake ndi losiyana ndi la athu, ndipo tinatsimikiza kuti mayina ndi manambala a FIDE alembedwa bwino pa mndandanda.

16 Ogasiti 2025: Rapid

Masewera anali asanu ndi awiri, pa ndondomeko ya Swiss, imene imaphatikiza osewera okhala ndi mapointi ofanana. Mndandanda wa amene akukumana unkaikidwa pa tsamba la pa intaneti la Chess-Results komanso pakhoma, ndipo popeza ana saloledwa kulowa ndi foni m'holo, ine ndinkawerenga pafoni ndili panja ndi kulembera mwana aliyense nambala ya bolodi ndi mtundu wa zoseweretsa zake pa kapepala. Layini ya foni ya ku Zambia imene tinagula ku Chipata inathandiza kwambiri pamenepa.

Mnyamata wamkulu wapeza mapointi 4, mtsikana wamkulu 3 ndi theka, mtsikana wamng'ono 3, ndipo mnyamata wamng'ono 2. Palibe amene wagonja chifukwa cha kusuntha kosaloledwa, ndipo ichi ndicho chipatso cha ntchito ya mu Malichi. M'masewera achitatu, mtsikana wa zaka 11 uja anakumana ndi mnyamata wamtali wa kusekondale amene anachita castling ndi manja awiri. Ndinali kuonera pazenera. Anaimitsa wotchi, anakweza dzanja ndi kudikira osalankhula mpaka woweruza anafika, ndipo anawonjezeredwa mphindi imodzi. Masewerawo anathera pa kufanana mphamvu.

Chimene chaonekera poyera ndi kufooka kwathu pa chiyambi cha masewera. Ana a ku Lusaka amasuntha maulendo khumi oyamba m'mphindi imodzi chifukwa njira zoyambira akuzidziwa pamtima, pomwe athu ankatha mphindi zisanu kapena zisanu ndi imodzi akuganiza pa malo omwewo, n'kufika pakati pa masewera ali kale m'mbuyo pa wotchi. Pa rapid salemba kusuntha, choncho usiku tinakhala pansi kuti mwana aliyense akumbukire ndi kubwereza pa bolodi zimene angathe, ine ndikulemba m'kope. Kawirikawiri ankakumbukira mpaka kusuntha kwa 15 kapena 20, ndipo zimenezo n'zokwanira kutisonyeza pamene ankasochera.

17 Ogasiti 2025: Blitz

Masewera asanu ndi anayi a 3+2 anatha m'maola ochepa, ndipo zotsatira zinali zotsika: mapointi 4, 3, 3 ndi 2 ndi theka. Mnyamata wamng'ono anachedwa kuchimbudzi ndipo anapeza wotchi yake itadya kale mphindi ziwiri mwa zitatu. Pa blitz mwana asachoke pafupi ndi holo popanda kuuza wamkulu. Mtsikana wamkulu analandira chilango cha mphindi imodzi kamodzi chifukwa chodina wotchi pawn yake ili kumapeto asanaikepo mfumukazi.

Masewera amene anatiphunzitsa lamulo latsopano ndi a mnyamata wamkulu. Nthawi yake inatha ali ndi mfumu ndi pawn imodzi, mnzake ali ndi mfumu ndi hatchi yokha, ndipo iye ankakhulupirira kuti ndi kufanana mphamvu chifukwa hatchi yokha singaphe mfumu. Woweruza anagamula kuti wagonja, ndipo anagamula molondola. Lamulo limati masewera amakhala ofanana pokhapokha ngati mnzako sangathe kupereka checkmate mwa njira iliyonse yololedwa, ndipo pamene pali pawn, n'zotheka kuti mfumu itsekeredwe pakona ndi choseweretsa chake chomwe, hatchi n'kumaliza. Mnyamatayo analira, ndipo tinamusonyeza malowo pa bolodi madzulo mpaka anamvetsa. Lamulo limeneli lawonjezedwa pa pepala la pakhoma.

23 Ogasiti 2025: Kaundula wa ndalama

Tinabwerera Lolemba ndipo tinafika ku Lilongwe usiku. Msungichuma wawerengera makolo zonse lero. Mawotchi adya K285,000, kukonza zoseweretsa ndi mabatire K38,000, zikalata K310,000, ulendo wa ku Mwami kupita ndi kubwera K240,000, malaya a kalabu K90,000, chakudya chonyamula K85,000, ndipo madola a kubanki K540,000, zonse pamodzi K1,588,000. Zatsala K162,000. Ku Zambia, basi inadya makwacha 4,800, matakisi 900 ndi chakudya 1,200, ndipo wotithandiza wa ku Lusaka analipira makwacha 5,250 a malo ogona ndi kulembetsa, kupatulapo chakudya cha madzulo chimene banja lake linkatiphikira. Amene akufuna kutengera ndondomekoyi awerengere ndalama zimenezi ngati zofunika kuzipeza, chifukwa si kalabu iliyonse imene ingakhale ndi wachibale ku Chipata ndi mnzake ku Lusaka.

Malaya a kalabu ndiwo ndalama imene ndikuona kuti ikanagwira ntchito yabwino pa wotchi yachinayi, ngakhale makolo ambiri sakugwirizana nane, ponena kuti malayawo anathandiza kuona ana mosavuta pa siteshoni ya basi.

6 Seputembala 2025: Mndandanda wa FIDE ndi gawo lotsatira

FIDE imatulutsa mndandanda wa mphamvu za osewera pa 1 mwezi uliwonse, ndipo rapid ndi blitz zili ndi mindandanda yakeyake. Kuti wosewera watsopano alowemo amafunika masewera osachepera asanu olimbana ndi osewera amene ali kale pa mndandanda, ndipo kuyambira mu Malichi 2024 nambala ya mphamvu yotsikitsitsa imene imasindikizidwa ndi 1400. Ana awiri akuluakulu alowa pa mndandanda wa rapid. Awiri ang'onoang'ono sanalowe, chifukwa atagonja m'masewera oyamba, ndondomeko ya Swiss inawaphatikiza ndi anzawo ambiri omwe nawonso sali pa mndandanda, ndipo masewera owerengedwa sanakwane asanu. Makolo awo anakhumudwa, ndipo ndinawafotokozera kuti masewera amene awerengedwa kale akusungidwa ndipo adzaphatikizidwa ndi a mpikisano wotsatira.

Ntchito ya teremu ino ili pawiri. Mwana aliyense asankhe njira imodzi yoyambira akakhala ndi zoyera ndi njira ziwiri akakhala ndi zakuda, imodzi yoyankha e4 (mnzake akayamba ndi pawn ya kutsogolo kwa mfumu) ndi ina yoyankha d4 (akayamba ndi ya kutsogolo kwa mfumukazi), ndipo azibwereza pa bolodi ndi wotchi mpaka kusuntha khumi koyamba kuzitha m'mphindi imodzi. Chachiwiri, komiti yalembera Chess Association of Malawi kufunsa zofunika kuti kalabu yathu ichititse mpikisano wa rapid wowerengedwa ndi FIDE kuno ku Lilongwe patchuthi cha mu Disembala, kuti ana onse a kalabu, osati anayi okha, asewere pansi pa woweruza wovomerezeka. Pa mpikisano wa osewera 30 pafunika mawotchi 15, ife tili nawo atatu, ndipo K162,000 yotsalayo ikhoza kugula imodzi yokha. Ena onse tayamba kuwapempha mobwereka ku makalabu anzathu a mumzinda muno.